Katundu wa Aphunzitsi Kadzidzi

Padangokhala Aphunzitsi Kadzidzi. Ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi mzinda wa Cambridge, ku England. Kuseri kwa nyumba yawo kunali shedi yaitali yamatabwa. M'shedimo munalibe khasu. Munalibe njinga. Munalibe ngakhale nkhuni. Munali makompyuta okhaokha, ena pamashelefu, ena m'makatoni, ena ofunditsidwa mabulangete, onse akalekale, onse atachita chikasu ndi ukalamba.

Chikondi chimenechi chinayamba m'chaka cha 1981, pamene kampani ya Acorn ya ku Cambridge komweko inatulutsa kompyuta yotchedwa BBC Micro. Posakhalitsa inalowa m'masukulu ambiri a m'dzikomo. Inali ndi mzere wa mabatani ofiira psuu, ndipo chakumanja kwake kunali kachithunzi ka kadzidzi kojambulidwa ndi timadontho. Aphunzitsi ataona kachithunziko anakoka mpando.

"Awa ajambula ine," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, sukulu ikati itaye makompyuta akale, Aphunzitsi ankafika ndi wilibala. Mnansi akati ataye, ankafika ndi wilibala. Akamva kuti wina wamwalira ndipo ana ake akusesa m'nyumba, ankayamba apepesa maliro, kenako n'kufunsa ngati wilibala ingalowe.

Ana analibe, koma anali ndi ophunzira atatu apamtima. Woyamba anali Nkhandwe, katswiri wa masamu, makamaka masamu okhala ndi ndalama kumapeto. Wachiwiri anali Khwangwala, mtsikana waukhondo wovala kolala yoyera mbee, amene sankadutsa chinthu chonyezimira osachitola. Wachitatu anali Kamba. Belu likalira, anzake ali kale pabwalo, iye ankakhala akadakopera mzere wachiwiri wa pabolodi.

Atatuwa atakula ankabwerabe Loweruka kudzamwa tiyi m'shedi muja, Aphunzitsi n'kumawafotokozera nkhani. Ankawauza za Colossus, makina aakulu amene ankathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany ku Bletchley Park m'chaka cha 1944. Nkhondo itatha, ambiri mwa makinawo anaphwasulidwa, mapepala ake n'kutenthedwa, moti amene anadzafuna kumanganso Colossus mmodzi anavutika zaka zoposa 10. Ankawauzanso za Harwell Dekatron, chikompyuta cholemera matani awiri ndi theka, chimene chinayamba ntchito m'chaka cha 1951. Icho palibe anachiphwanya. Chinakaphunzitsa ana a pakoleji ku Wolverhampton mpaka 1973, chinakagona m'nyumba yosungiramo katundu ku Birmingham, ndipo m'chaka cha 2012 chinadzukanso ku Bletchley Park, timagetsi take tikuphethira.

"Timagetsito timawala bwanji, Aphunzitsi?" anafunsa Khwangwala.

"Nanga chitsulo cha matani awiri ndi theka chimagulitsidwa ndalama zingati?" anafunsa Nkhandwe.

Kamba sanafunse kanthu. Anali akulembabe chaka choyamba chija m'kope mwake.

Tsiku lina Aphunzitsi anadwala, ndipo anadziwa kuti ulendo wafika. Anaitana atatu aja.

"Ana anga, shedi ija ndi yanu nonse. Koma mumve bwino. Musagawane, musagulitse, musayatse chilichonse musanawerenge kaundula. Ndinalemba chinthu chilichonse, dzina lake, chaka chake, kumene chinachokera, ndi matenda ake."

"Kaundulayo ali kuti, Aphunzitsi?" anafunsa Kamba.

"Ali pa madisiki atatu, m'katoni ya nsapato. Amawerengeka pa BBC Micro yanga ija ya pawindo. Koma nayonso yakalamba. Muyambe mwaichiza."

Atatero anatseka maso awo aakulu aja, osawatsegulanso.

Maliro anatha. M'mawa mwake atatuwo anatsegula shedi. Fumbi koboo! Nkhandwe anayetsemula. Kamba anayenda pang'onopang'ono mpaka pawindo, napeza katoni ya nsapato. Munalidi madisiki atatu akuda, opyapyala, a ngodya zinayi, aja ofewa a mainchesi 5¼. Pa iliyonse panali nambala: 1, 2, 3.

"Bweretsani tiwerenge tithane nazo," anatero Nkhandwe. Anatulutsa foni yake, naitembenuza uku ndi uku kufuna polowetsera disiki. Panalibe.

"Sizitero, achimwene," anatero Kamba. "Ndiyambe ndatsegula kompyuta ya pawindoyi. Ndione m'mimba mwake. Ndiitanitse tizipangizo tatsopano. Nditsuke makina owerengera madisiki. Kenako tiwerenge."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina mwezi. Mwina iwiri."

"Miyezi iwiri!" Nkhandwe anaseka mpaka mchira kugwedera. "Pagule fumbi ndiwe mwini. Ine ndatenga khoma la kumanzere."

"Ine la kumanja," anatero Khwangwala.

"Nanga mawu a Aphunzitsi?"

"Aphunzitsi apuma," anatero Nkhandwe. "Mawu awonso apume. Inu tengani ya pawindoyo, ndi katoni ya nsapato, ndi mawaya onsewa."

Kamba anabweza mutu m'chigoba, nautulutsanso. "Chabwino. Koma ndikupempheni chimodzi. Mukapeza kompyuta yokhala ndi batire lowotchereredwa m'kati, mulidule lichoke. Batire lokalamba limadontha, ndipo madzi ake amadya timizere tamkuwa ta pabolodi."

Palibe anamumva. Nkhandwe anali akukoka kale makatoni. Khwangwala anali atasuzumira m'katoni ya nsapato, naona kuti pambali pa disiki yachitatu pamatidwa kapepala kasiliva, kaja kotseka kampata kuti wina asalembenso padisikipo. Kanali waliwali. Anaitola disikiyo mwakachetechete. "Iyi ndiisunga ine, ingasowe," anadziuza yekha. Atafika kunyumba anaikhomerera pachitseko cha firiji ndi maginito aakulu, okongola, ooneka bwino kwa aliyense wolowa m'khitchini.

Khwangwala ndiye anayamba ntchito. Pakhoma lake panalinso BBC Micro ina. Anaipukuta, anaipukutanso, nabaya pulagi kukhoma. Inalira kawiri, buu, bii! Pasikirini panatuluka zilembo zoyera.

"Taonani! Miyezi iwiri yake iti? Bwerani mudzaone, achimwene a Kamba!"

Anavina. Anazungulira tebulo. Anaweramira pafupi kuti adzione pagalasi la sikirini. Ndiye kumbuyo kwa kompyuta kunamveka thethethe, thethethe, kenako phuu! Utsi tolotolo, wonunkha, wotsamwitsa, wonse kumaso ndi pachifuwa pa Khwangwala. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Atathamangira pagalasi anapeza kolala yake yoyera ija ili bii. Anachapa ndi sopo, ayi. Anachapa ndi madzi otentha, ayi.

"Yafa! Yandipheranso kolala!" Anainyamula kompyutayo nakaiponya m'bini.

Madzulo ake Kamba anafika pabinipo. Anakwera movutikira, anagweramo, natuluka nayo pamsana. Iye ankadziwa chimene chaphulika. M'bokosi la magetsi la BBC Micro muli tima capacitor ta mtundu wa RIFA. Tikakalamba, chikopa chake chimachita ming'alu, chinyontho n'kulowa, ndipo magetsi akangofika timapsa ndi utsi wochuluka. Kanthu kotchipa, kosinthika. Kompyuta yonseyo inali yamoyo. Anaiika pansi pa tebulo lake, nalemba m'kope.

Khwangwala analumbira kuti sayatsanso kanthu. Iye tsopano ankafuna kuyeretsa basi. Anasonkhanitsa makatoni onse akale, ndi mabuku a malangizo achikasu aja, ndi malisiti, nasonkha moto kuseri kwa shedi. Anatenga mpeni napala timapepala tonse tomatidwa pansi pa makompyuta, chifukwa tinali takuda m'mbali. Anagula mankhwala oyeretsera tsitsi a m'masaluni, aja a hydrogen peroxide, napaka pa zibokosi zachikasu zija, nazikulunga m'pulasitiki, naziyanika pabwalo. Dzuwa la ku England ndi laulesi, limatuluka likafuna. Tsiku loyamba silinatuluke. Lachiwiri silinatuluke. Khwangwala anawonjezera mankhwala. Lachitatu linatuluka ndi ukali, iye ali kumsika kogula polishi. Pobwera anapeza zibokosi zili mawangamawanga, apa poyera, apa potuwa, apa pachikasu pomwe.

Panali kakompyuta kena kakuda, kakang'ono, ka utawaleza pakona, ZX Spectrum ya Sinclair ya 1982. Mabatani ake a labala anali otuwa mofooka. "Asuluka awa," anatero. Anawazula, nawataya pamoto paja, nagula atsopano owala bwino pa intaneti. Panalinso Amiga 500 Plus, imene anaipaka polishi mpaka ntchentche ikatera inkaterereka. Zomangira zake sanamasule ngakhale chimodzi. M'katimo ankaona kuti mulibe chimene mlendo angaone.

Nkhandwe naye anali kalikiliki. Iye anali ataonera pafoni kuti m'makompyuta akale muli golide, pa timiyendo ta ma chip ndi m'mphepete mwa mabolodi. Anagula hamala. Anagula pulayala. Anagula ndowa zinayi ndi zigubu za asidi. Anakhoma chikwangwani pakhomo kuti wina asamusokoneze.

Go! Go! Go! Khoma la kumanzere linayamba kutsika. Chibokosi ankachiswa, bolodi n'kulizula, ma chip n'kuwatokosola, zotsala n'kuponya pamulu. Sankafunsa kuti ichi n'chiyani. Chachikulu, go! Chaching'ono, go! Cholembedwa dzina, go! Chopanda dzina, go! Usiku wina anazemba mpaka patebulo la Kamba, napeza BBC Micro ya pawindo ili yotsegula. Anaona chip yaitali ya miyendo 40 itakhala pa soketi yake. Anaitokosola, naiponya m'thumba.

Pa shelefu ya pansi penipeni panali sutikesi yakale yabulauni. Nkhandwe anathyola loko. Munali bulangete. M'bulangetemo munali bolodi limodzi lobiriwira, lamaliseche, lopanda chibokosi, lopanda kiyibodi, lopanda chilichonse. Pakona pake panali timigolo titatu tabuluu. Chapansi panali chip yoyera mbee, ya chivindikiro chagolide ndi miyendo yagolide.

"Eee! Ngakhale Aphunzitsi ankasunga zinyalala," anatero Nkhandwe. "Chinthu chopanda ndi chovala chomwe! Koma kachip aka kokha kali ndi ulemu."

Pansi pa bulangete panali kalata ndi kapepala kena. Anapukutira m'manja, naponya pansi pamene panatayikira asidi.

Kamba ankadutsa pakhomo, atanyamula kabotolo ka spiriti. Anaima.

"Achimwene, pabolodipo palembedwa mawu. Ndikuona ngati pali 1976. Bwanji tiwerenge kaye?"

"Golide sawerengedwa, achimwene. Amayezedwa."

"Aphunzitsi sakanalifunditsa bulangete popanda chifukwa."

"Ankaopa kuti lizizidwa," anatero Nkhandwe, naseka yekha. Go! Timigolo tabuluu tinagubuduka pansi. Go! Chip yoyera inasweka pakati. Bolodi analithyola panayi kuti likwane m'ndowa, nathira asidi.

M'ndowamo munayamba kubwata. Munatuluka utsi wofiirira, wolowa pakhosi ngakhale utatseka pakamwa. Nkhandwe anatsokomola. Anatsegula windo, anatsokomolabe. Anagona, anatsokomolabe. Koma sanasiye. Masiku anapita akusefa, akutsanula, akuwiritsa, akusungunula. Ndowa zinayi zinasanduka kapu imodzi ya matope. Kapu ya matope inasanduka supuni ya fumbi labulauni. Supuni ya fumbi inasanduka kambulu kagolide kochepa kuposa njere ya mapira. Paja golide wa m'makompyuta ndi wongokutira pamwamba, wopyapyala kwambiri.

Anakamanga m'kansalu, napita nako kwa Mfuko, wosula mphete mumzinda. Mfuko anakaika pasikelo. Anayang'ana sikelo, anayang'ana Nkhandwe, anapukuta magalasi, anayang'ananso sikelo.

"Kagwa, Bambo? Kapena n'komweka?"

"N'komweko."

Mfuko anawerenga ndalama, ndipo sanachedwe kumaliza. Nkhandwe anachita masamu ali m'njira. Anachotsera asidi. Anachotsera ndowa. Anachotsera hamala, pulayala ndi mankhwala a chifuwa. Yankho linatuluka ndi kamzere kutsogolo. "Mtengo wa golide udzakwera," anadzitonthoza, natsokomola.

Sabata yomweyo kwa Khwangwala kunafika Gologolo, wogula ndi kusunga makompyuta akale, atapachika pakhosi kagalasi kokuzira zinthu. Khwangwala anali atayala katundu wake pansalu yoyera.

"Takulandirani, Bambo. Onani kuwala!"

Gologolo sanayang'ane kuwalako. Ananyamula kompyuta yoyamba, naitembenuza chadodolido.

"Kapepala ka nambala kali kuti, Mayi?"

"Kanali kakuda. Ndinapala."

"Katoni yake?"

"Inali yong'ambika. Ndinatentha."

"Buku lake? Lisiti?"

"Zinali zachikasu, Bambo."

Gologolo anakanda kukhutu. Anagwira chibokosi china cha mawanga chija, ndipo kakona kake kanathetheka m'manja mwake. Anachiika pansi mwaulemu. Anatola ZX Spectrum, namasula zomangira, nasuzumira ndi kagalasi kake. Mchira wake unaimirira.

"Mayi! Pabolodi palembedwa Issue One. Iyi ndi ya m'gulu loyambirira lenileni, zosowa zija! Nanga mabatani awa abwera bwanji? Ake enieni ali kuti, otuwa mofooka aja?"

"Anali osuluka."

"Sanasuluke, Mayi. Anabadwa choncho. Ndi chizindikiro chake chimenecho."

Khwangwala anayang'ana kuphulusa kuseri kwa shedi, osayankha. Anakankhira kutsogolo Amiga yake ya polishi ija, poti imeneyo ndiye ankainyadira. Gologolo anaitsegula. Pakona pa bolodi panali kabatire kabuluu ka Varta, kooneka ngati kamgolo, katamera ubweya woyera ndi wobiriwira. Ubweyawo unali utayenda. Unalowa m'soketi, unakwera miyendo ya ma chip, unadya timizere tamkuwa mpaka tina tinaduka. Makompyuta amenewa anatuluka m'chaka cha 1991, ndipo aliyense wowasunga amadziwa kuti batirelo ndiye mdani wake woyamba.

"Likanachotsedwa msanga, pakanatsukidwa ndi viniga, mwina ikanapulumuka," anatero Gologolo. Anagula mawaya awiri ndi pulagi imodzi kuti asachoke chimanjamanja, natsanzika.

Nthawi yonseyi Kamba anali pawindo. Tsiku loyamba sanagwire chida chilichonse, anangoyang'ana ndi kulemba. Asanamasule chinthu ankachijambula. Chomangira chilichonse ankachiika m'kachivindikiro kakekake. Atatsegula bokosi la magetsi anawapeza ma RIFA aja, achikasu, oonekera m'kati, ming'alu ili mbwee. Anawasungunulira mtovu, nawachotsa, nawotcherera atsopano. Anayeza ndi mita asanalumikize kubolodi, ndipo mita inaonetsa mavoti 5, osapitirira, osaperewera. Anatsegula makina owerengera madisiki, nanyowetsa kathonje ndi spiriti, napukuta kamutu kowerengera mpaka kathonje kanatuluka koyera. Anatenga disiki iliyonse, naizungulitsa pang'onopang'ono m'chikopa chake, akuyang'ana pakawindo kake kuti aone ngati yachita chuku. Disiki yachuku ukaiika m'makina imapalika, ndipo zolembedwa zimachoka limodzi ndi chukucho.

Ndiye anaona soketi yopanda kanthu, mabowo 40 ali yasa. Anatsegula kope lake, nayang'ana chithunzi cha tsiku loyamba. Pamenepo panali chip yolembedwa 8271, ya Intel, imene imalamulira makina a madisiki. Popanda iyo kompyuta imayaka bwinobwino, koma disiki siwerengeka. Ndipo ma chip amenewa anasiya kupangidwa kalekale. Kamba sanapite kukafunsa amene anatenga, poti ankamva kutsokomola kwake kuseri kwa khoma. Anawerama pansi pa tebulo, nakoka kompyuta ya m'bini ija. Anaitsegula. 8271 inali phee pamalo pake. Anaitukula pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali iyo, kuti mwendo usapindike, naikhazika m'soketi ya inzake, kamphako kakuloza kumene kayenera kuloza.

Unali mwezi wachiwiri, tsiku Loweruka. Kamba anatumiza mawu kwa anzake. Anabwera, Nkhandwe akutsokomola, Khwangwala atafunda mpango pachifuwa. Kamba anatabwanya switchi. Buu, bii! Utsi panalibe. Analowetsa disiki yoyamba, natseka kachitseko. Makina anang'ung'udza, kanyali kofiira kanayaka.

"Werengani msanga," anatero Nkhandwe.

"Ndiyambe ndakopera pa disiki ina. Yakale imatha kuwerengeka kamodzi kokha, kachiwiri n'kukana."

Anakopera. Kenako zilembo zoyera zinadzaza sikirini, ndipo anali mawu a Aphunzitsi enieni, kalankhulidwe kawo komwe kaja. Disiki yoyamba inali ya zinthu za pawindo, mawaya ndi makaseti. Waya uliwonse unali ndi dzina ndi mwini wake. Kumapeto kunali timapulogalamu timene atatuwa analemba ali ana m'chinenero cha BASIC. Ka Khwangwala kankasintha mitundu ya sikirini. Ka Nkhandwe kankawerengera phindu la maswiti. Ka Kamba kanali ka mizere iwiri, kosamaliza. Anaseka onse atatu, ndipo Khwangwala anapukuta misozi ndi mpango.

Kamba anatulutsa disiki yoyamba, natenga yachiwiri, ya khoma la kumanzere.

Tsono apa, inu amene mwakhala nane chiyambire nthanoyi, sendezani mpando. Mukulikumbukira bolodi lamaliseche lija? Mukukumbukira kuti linagona m'chiyani, ndipo pansi pake panali chiyani? Inu munaona timigolo titatu tabuluu tikugubuduka. Munamva Kamba akutchula chaka. Mwina ena mwa inu munagwira kale pakamwa. Nkhandwe yekha ndiye anali asanadziwe, ndipo anakhala kutsogolo kwenikweni, mphuno pafupi ndi galasi.

Kamba anawerenga mokweza, chinthu ndi chinthu. Dzina lililonse limene ankatchula, Nkhandwe ankalikumbukira ndi kulira kwa hamala. Anafika pa shelefu ya pansi.

"Sutikesi yabulauni, m'bulangete. Ana anga, apa musambe m'manja. Iyi ndi Apple-1. Anaipanga Steve Wozniak m'chaka cha 1976, ndipo iye ndi Steve Jobs ankaigulitsa pa mtengo wa madola 666.66. Musadabwe kuti ilibe chibokosi, kiyibodi kapena sikirini. Sinathyoke, ankagulitsa ili chomwecho, wogula n'kukadzipezera zinazo. Anapanga pafupifupi 200 zokha, ndipo zambiri zinatha pamene eni ake anazibweza kukampani kuti atenge Apple II. Dzina lake lalembedwa pabolodi pomwepo, pamodzi ndi Palo Alto ndi chaka. Chip yoyerayo ndi 6502, ubongo wake. Anandipatsa ndi mnzanga amene anagwirako ntchito ku California. Kalata yake ndi lisiti zili pansi pa bulangete. Muzisunge ngati maso anu, chifukwa masiku ano kuli ma Apple-1 ongotengera, ndipo mapepalawo ndiwo mboni."

Kamba anaima, nameza malovu, napitiriza.

"M'chaka cha 2014 ina yonga iyi, yogwira ntchito, inagulitsidwa ku New York pa madola 905,000. Anagula ndi a nyumba yosungira zakale ya Henry Ford ku Michigan. Musaiyatse nokha. Mukaonetse kaye akatswiri a ku Centre for Computing History mu Cambridge momuno, kapena a ku National Museum of Computing ku Bletchley Park. Mtima wanga ukufuna kuti ikhale poti ana aziiona. Koma mukasankha kugulitsa, mugawane patatu mofanana, ndipo mukonzeko denga la shedi."

M'shedi munali zii. Ngakhale chifuwa cha Nkhandwe chinaiwala kutsokomola.

"Bwerezani nambala ija, achimwene," anatero ndi mawu aang'ono.

Kamba anabwereza. Koma katswiri wa masamu uja anali ataigawa kale patatu m'mutu mwake, mpaka ndi zotsalira zomwe. Anadzambatuka. Anagwetsa mpando. Anathamangira kuseri kumene anataya zam'ndowa, nayamba kufukula ndi zikhadabo. Anatulutsa zidutswa zinayi zotuwa, zosalala, zopanda mzere wamkuwa ngakhale umodzi, zopanda chilembo ngakhale chimodzi. Anapeza kamgolo kamodzi kabuluu kophwanyika. Anapezanso kalata ija itasanduka phala. Anaziyala pansi, nayesa kuzilumikiza, ichi apa, ichi apo.

"Achemwali, muli ndi guluu? Achimwene a Kamba, inu mumatha kuwotcherera. Sizingatheke? Ngakhale miyezi iwiri ndidikira. Ngakhale itatu."

Kamba anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali. Anapukusa mutu.

Khwangwala anali akunjenjemera. "Nanga kwanga? Khoma la kumanja kunali chiyani? Dikirani, disiki yachitatu ili kwathu, ndinaisunga bwino!" Anauluka, nabwera nayo, kapepala kasiliva kakuwalabe. Kamba anailowetsa. Makina anang'ung'udza, anagogoda, anang'ung'udzanso. Sikirini inangonena kuti disiki ili ndi vuto. Anayesanso. Chimodzimodzi.

"Munaisunga pati, achemwali?"

"Pafiriji. Pooneka. Ndinaikhomerera ndi maginito kuti isagwe."

"Zolembedwa pa disiki zimakhalapo ndi mphamvu ya maginito," anatero Kamba mofatsa. "Maginito ena akafika pafupi, zimafufutika."

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndiye ndidziwa bwanji zimene ndinali nazo?"

Kamba anatsegula kope lake. Munali zinthu zochepa chabe za khoma la kumanja, zimene anaziona podutsa. Zinazo zinalibe nambala, zinalibe katoni, zinalibe lisiti, ndipo amene ankazidziwa anali kumanda. Khwangwala anatsegula mlomo kuti alire, koma panangotuluka khwaa, khwaa!

Kamba anatsala m'shedi muja. Anachiza kompyuta ya m'bini, naibwezera 8271 ina imene Gologolo anamupezera patapita chaka. Anadula mabatire onse otsala. Kaundula anamukopera pa madisiki atsopano, pa kompyuta yamakono, ndi papepala ndi cholembera. Loweruka ana a m'mudzimo amabwera kudzagogoda mabatani ofiira aja, ndipo kapulogalamu kake ka mizere iwiri kanafika pa mizere isanu.

Kolala ya Khwangwala sinayerenso. Abale ake a kwathu kuno akadavalabe zoyera pachifuwa, koma mukapita ku England mukawapeza akhwangwala akumeneko ali bii thupi lonse, mawu ali osasa. Nkhandwe naye sanabwererenso kutchire. Anasamukira m'tauni. Usiku anthu akagona amayenda nyumba ndi nyumba, ku Cambridge, ku Bristol, ku London, akugwetsa mabini, akung'amba matumba, akufukula zinyalala mpaka pansi. Eni nyumba amati akufuna mafupa a nkhuku. Akamva kukhosomola kwake mumdima amatseka mawindo, ndipo m'mawa amatuluka ndi tsache, akunyinyirika.